NAMWINO AKABWERERA KU SUKULU

Kwa ife odwala ndi olindirira odwala, munthu aliyense wobvala zoyera m'cipatala ndi "a sista" basi. Ena a ife, makamaka kumidzi kumene dokotala weniweni aoneka mwa kamodzikamodzi, timafika pakuwacha "a dokotala". Sitidziwa kuti pakati pa anamwino pali makwerero, ndi kuti m'manyumba ena a inu awerengi muli mkangano wa kacetecete wokhudza makwerero amenewo. Mai wagwira nchito zaka 15 kapena 20 ndi satifiketi yake ya enrolled nurse, tsopano afuna kubwerera ku sukulu kuti akhale registered nurse. Kapena ali kale registered, ndipo mtima wake uli pa digiri. Bambo m'nyumba afunsa funso looneka lanzeru ndithu: "Kodi akakuphunzitsa ciani cimene sudziwa? Nyeleti ulasa, diripi uika, zilonda utsuka, ana ubadwitsa ngakhale usiku wopanda magetsi. Ndalama za fizi ya ana tiziponye m'madzi cifukwa ca pepala?" Funso limeneli si lacipongwe ai. Liyenera kuyankhidwa bwino, ndipo mwezi uno ndifuna kuyesa kutero.

Tiyambe ndi kumene makwererowa anacokera. M'masiku a Northern Rhodesia mtsikana wa kuno anali kuphunzitsidwa kukhala wothandizira cabe. Anali manja ndi miyendo ya m'wodi, koma kuganiza ndi kulamula kunali kwa sista wacizungu. Mai Kapelwa Sikota, amene anabadwa mu 1928 ku dera la Mongu, anacita kupita ku cipatala ca McCord ku Durban, popeza kuno kunalibe sukulu yophunzitsa unamwino wathunthu, ndipo anabwerako kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950 ali registered nurse woyamba mwa mbadwa za dziko lino. Komabe mapepala ao sanapatsidwe ulemu wokwanira kufikira titalandira ufulu mu 1964. Pambuyo pake ndi pamene anakwezedwa mpaka kukhala mkulu wa anamwino onse m'Unduna wa za Umoyo. M'caka comweco ca ufulu sukulu yoyamba ya ma registered inatsegulidwa ku Kitwe, ndipo mu 1970 lamulo linakhazikitsa bungwe la General Nursing Council kuti lizilembetsa anamwino ndi kuyang'anira maphunziro ao.

Kucokera pamenepo dziko linayenda ndi mitundu iwiri ya anamwino. Enrolled nurse anali kuphunzira zaka 2 ndi kulandira satifiketi. Registered nurse anali kuphunzira zaka 3 ndi kulandira dipuloma, ndipo owerengeka okha ndiwo anapitirira kukatenga digiri ku Yunivesite ya Zambia. Ambiri mwa ma enrolled anatuluka m'masukulu a mishoni monga St Francis ku Katete, Mwami, Chilonga, Chikankata, Macha ndi Mukinge, ndipo ndiwo ananyamula makiliniki a kumidzi pamsana pao kwa zaka zambirimbiri. Ndinena ici poyera kuti wina asaganize kuti nkhani ino ikunyoza gulu limeneli. Ambiri a ife tinabadwira m'manja mwao. Koma zinthu zasintha. Masukulu ambiri amene kale anali a ma enrolled anakwezedwa ndipo tsopano aphunzitsa ma registered, kotero kuti mai wa satifiketi aona ana a msinkhu wa mwana wake woyamba akufika m'wodi ndi dipuloma, nakhala pamwamba pake tsiku lomwelo.

Mau awiri amene anthu ophunzira amagwiritsa nchito pa nkhaniyi, technical ndi professional, anacokera ku America. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha, kumeneko kunali kusowa kwakukulu kwa anamwino. Mu 1951 mphunzitsi wina wa ku New York, Mildred Montag, anapereka nzeru yakuti paphunzitsidwe namwino wa zaka 2 m'makoleji a m'madera, wodziwa bwino nchito ya manja, wogwira pansi pa namwino wa digiri ya zaka 4. Mu 1965 bungwe la American Nurses Association linalengeza maganizo ake akuti wa zaka 2 azichedwa technical nurse, ndipo wa digiri yekha ndiye akhale professional nurse. Apa ndi pamene moto unabuka, ndipo mpaka lero sunazime kwenikweni. Amene anachedwa technical anamva ngati atukwanidwa, makamaka popeza kumeneko onse awiri alemba mayeso amodzimodzi a boma ndi kulembetsedwa ndi dzina limodzi la registered nurse. Cigawo ca North Dakota cinayesa kukakamiza digiri kuyambira mu 1987, koma mu 2003 cinabwerera m'mbuyo. Cigawo ca New York cinapeza njira ina mu 2017: namwino watsopano wopanda digiri aloledwa kuyamba nchito, koma aipeze digiriyo zisanathe zaka 10.

Ndafotokoza za ku America kuti muone kuti funso la bambo uja lazunguza mitu ya anthu ophunzira kwa zaka zoposa 50. Tsono yankho lake ndi lotani? Monga ndionera ine, cimene cisintha namwino akakwera si manja ake. Manja a mai wa zaka 20 m'wodi sangaphunzitsidwenso kupeza mtsempha wa khanda. Mwina ndiye angaphunzitse mphunzitsi wake. Cimene cisintha ndi katundu amene asenza pamutu: kudziwa cifukwa cake ca cimene acita, kugamula yekha pamene zinthu zapotoka, ndi kuyankha mlandu wa cigamulo cakeco.

Ndipereke citsanzo cimodzi, ndipo mundilole ndikhalepo pang'ono, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa. Mai wapakati wafika ku cipatala BP itakwera kwambiri, miyendo itatupa, ndipo wayamba kukomoka ndi kuphupha ngati wa khunyu. Matenda amenewa achedwa eclampsia, ndipo apha amai ambiri. Mankhwala ake ndi magnesium sulphate. Dokotala walemba pa fayelo kuti mai alasidwe nyeleti maola 4 alionse, napita kukagona kapena kukathandiza ku fyeta. Nthawi ya nyeleti yakwana, usiku pakati. Nchito ya manja yokha iti: nthawi yakwana, mankhwala ndi awa, muyeso ndi uwu, lasa. Ndipo kulasako kungakhale kwaukatswiri, kopanda colakwa ciri conse. Koma mankhwala amenewa aturuka m'thupi kudzera mu impso. Impso zikafooka, monga zicitira kawirikawiri pa matendawa, mankhwala aunjikana m'magazi, ndipo akacuruka aletsa munthu kupuma. Cifukwa cake asanalase, namwino ayenera kuwerenga kapumidwe ka mai, kugogoda pa bondo kuti aone ngati mwendo udumpha, ndi kuyeza mkodzo umene waturuka. Malangizo a World Health Organization anena kuti ngati mai apuma kosafika ka 16 pa mphindi, kapena bondo silidumpha, kapena mkodzo ucepera mamililita 30 pa ola, nyeleti iimitsidwe. Ndipo ngati kupuma kwatsika koopsa, pali mankhwala ena obweza ululuwo, calcium gluconate, amene ayenera kukhala pafupi.

Taonani tsono cimene cifunika kwa namwino pa ola limenelo. Ayenera kusalasa nyeleti imene dokotala analemba. Ayenera kulemba pa fayelo kuti sanalase ndi cifukwa cake, nasaina dzina lake. Ayenera kuimba foni ndi kudzutsa dokotala, amene mwina sadzakondwa, ndi kumuuza m'mau ocepa ndi olongosoka cimene waona ndi cimene aganiza. M'mawa mwake akafunsidwa ndi akulu, ayenera kuima pa cigamulo cake popanda kubisala kumbuyo kwa mau akuti "ndinauzidwa". Uku ndiko kusiyana kumene mau aja a Cizungu ayesa kunena. Wina afunsa kuti, "Ndauzidwa kucita ciani?" Winayo afunsa kuti, "Wodwala uyu afunika ciani tsopano, ndipo ndidziwa bwanji?"

Wina mwa inu adzati: "Komatu a katekista, ma enrolled ambiri adziwa zimenezi, ndipo akhala akuzicita." Zoonadi. Pa kiliniki ya kumudzi kumene cipatala cacikulu ciri pa mtunda wa makilomita 60 ndipo ambulansi ilibe mafuta, palibe amene afunsa za satifiketi. Namwino amene alipo ndiye agamula zonse. Ine amene ndayendera odwala m'mawodi kwa zaka zambiri ndaona amai a satifiketi amene diso lao lizindikira mwana woti afa usiku uno pamene makina onse akali kunena kuti ali bwino. Koma apa ndi pamene pali cosalungama cimene sukulu ingakonze. Mai wotere asenza katundu wa kugamula popanda maphunziro okwanira omuteteza, popanda mphamvu yonse ya lamulo kumbuyo kwake, ndiponso popanda malipiro ake. Adziwa kuti bondo ligogodedwa, koma mwina sanauzidwepo bwino za impso. Ndipo tsiku limene adzakumana ndi cinthu cimene sanacionepo, cizolowezi cokha sicidzamuuza kolowera. Munthu wodziwa njira imodzi ya kumunda ayenda bwino kufikira tsiku limene mtsinje wadzala. Wodziwa kumene kuli phiri ndi kumene dzuwa lilowera apeza njira ina.

Lamulo la dziko lino nalonso linasuntha. Lamulo la anamwino ndi azamba la 1997 linakulitsa nchito yao: kupima wodwala, kupeza matenda, kulemba mankhwala ena a pa mndandanda wobvomerezeka, ngakhale kutsegula malo ao osamalira odwala. Lamulo la 2019 linalowa m'malo mwake ndi kusandutsa bungwe lija kukhala Nursing and Midwifery Council of Zambia. Namwino aliyense ayenera kukonzanso laisensi yake caka ndi caka, ndipo akalakwa aitanidwa kukayankha yekha pamaso pa bungwe limeneli. Mphamvu ikakula, mlandu nawo ukula.

Kodi maphunziro oonjezera apulumutsadi miyoyo, kapena ndi kunyada kwa anthu a mabuku? Pali ofufuza amene anawerenga. Mu 2003 Linda Aiken ndi anzake anayang'ana odwala ocitidwa opareshoni oposa 230,000 m'zipatala 168 za ku Pennsylvania, napeza kuti pamene anamwino a digiri anaonjezeka ndi 10 pa 100 alionse, imfa zinatsika ndi 5 peresenti. Mu 2014 anabwereza kafukufuku wotere m'zipatala 300 za maiko 9 a ku Ulaya, pa odwala oposa 420,000, ndipo imfa zinatsika ndi 7 peresenti. Koma owerenga mwacangu aiwala mbali yaciwiri ya kafukufuku yemweyo wa 2014: wodwala mmodzi aliyense woonjezedwa pa namwino mmodzi anakweza ngozi ya imfa ndi 7 peresenti yomweyo. Ndiye kuti digiri siicotsa kufunika kwa manja ambiri. Namwino wa digiri wosiyidwa yekha usiku ndi wodi yodzala mpaka pansi sangaganize zonse zimene anaphunzira, angothamanga. Tikumbukirenso kuti ziwerengero izi ndi za zipatala za ku America ndi ku Ulaya, osati za Petauke kapena Lundazi. Komabe nzeru yake ndi yomveka kuli konse: imfa zambiri za m'wodi ziyamba ndi kacizindikiro kakang'ono kamene wina anayenera kukaona msanga, ndipo amene ali pafupi ndi bedi maola onse 24 si dokotala.

Tsopano ndilankhule za ululu wa ulendowu, pakuti a m'banja ayenera kuudziwa. Coyamba cimene cigwetsa ambiri ndi Giredi 12. Maphunziro a registered afuna makirediti 5, kuphatikizapo Cingelezi, masamu ndi sayansi, ndipo amai ambiri amene analowa unamwino kale sanawakwanitse. Motero mai wa zaka 40 ayamba ndi kukhala pa benchi ya mayeso a GCE pamodzi ndi anzake a mwana wake. Akapambana pamenepo, alowa m'kalasi mmene mphunzitsi mwina ndi mtsikana amene iye mwini anamuonetsa kagwiridwe ka nyeleti zaka 10 zapitazo. Auzidwa kulemba pa kompyuta, kufufuza m'mabuku, kufotokoza pa pepala dongosolo lonse la cisamaliro ca wodwala, kuyambira kupima mpaka kuona ngati cithandizo cagwira nchito. Zimene manja ake acita m'kuphethira kwa diso ayenera kuziphwanya m'mau, ndipo poyamba mauwo sabwera. Patricia Benner, m'buku lake la 1984 lochedwa From Novice to Expert, anaonetsa kuti namwino akwera masitepe 5 kucokera pa woyamba kumene kufika pa katswiri, ndi kuti katswiri akasamutsidwira ku nchito yacilendo abwerera pansi kukhala ngati woyamba. Palibe cinthu cowawa kwa munthu wamkulu ngati kukhalanso wosadziwa. Ena asiya sukulu pa caka coyamba osati cifukwa ca kulephera mayeso, koma cifukwa ca manyazi.

Apa ndi pamene inu abambo, ana ndi apongozi muli ndi mbali yanu. Mai wocoka ku naiti dyuti amene mawa ali ndi mayeso sangaphikenso nsima ya alendo 10. Mwana wa Giredi 12 amene aseka amai ake polimbana ndi masamu angacite bwino kukhala nao pa tebulo ndi kuwaonetsa. Ndipo bambo amene aopa kuti mkazi akakwera adzamupeputsa, anene mantha akewo poyera awiri ali m'nyumba, m'malo mowabisa m'mau akuti ndalama kulibe. Mutu umodzi susenza denga, ndipo dipuloma ya mai wa ana 4 siilembedwa ndi munthu mmodzi. Za ndalama zikambidwe moona, ndi pensulo ndi pepala: fizi, mabuku, maulendo, ndi miyezi imene ndalama za ovataimu sizidzalowa. Kukwera kwa malipiro sikubwera tsiku limene dipuloma yaturuka ai. M'boma munthu ayembekezera kuti malo a udindo watsopano apezeke, ndipo kuyembekezerako nthawi zina kutalika. Banja lolowa ulendowu poyesa kuti ngongole idzabwezedwa mwezi wotsatira lidzakhumudwa.

Kubwerera ku nchito nako kuli ndi minga yake. Dzulo munali kudya pamodzi citumbuwa pa tii ndi kudandaula za a in-charge. Lero ndinu a in-charge, ndipo muyenera kuuza mnzanu wa zaka 15 kuti wacedwa, kapena kuti fayelo sanalembe bwino. Ena alephera pakufewa kwambiri, naopa kudzudzula mpaka wodwala abvulala. Ena alephera pakuuma, nayamba kuyenda ngati kuti sanatsukepo cilonda cibadwire.

Gulu laciwirili ndilo lindidetsa nkhawa kwambiri, ndipo sindibisa. Pali maganizo amene afalikira akuti kukwera ndiko kucoka pa bedi la wodwala: kusambitsa, kutembenuza wogona, kucotsa zonyansa, izi ndi za "a pansi" kapena za acibale olindirira, ndipo wa digiri akhale pa tebulo ndi mafayelo. Amene aganiza tere sanamvetse cimene anaphunzira. Cilonda ca pamsana cioneka posambitsa. Kutupa kwa mwendo kumveka potembenuza. Mtundu wa mkodzo uuona amene acotsa cikho. Namwino woleka kukhudza wodwala wadzitseka maso, ndipo nzeru zake zonse za m'mabuku ziribe poyambira. Ku Britain anaphunzira ici mobvutikira. Analeka kuphunzitsa ma enrolled kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, ndipo kuyambira mu 2013 namwino aliyense watsopano ku England anayenera kukhala wa digiri. Koma mu 2017 anayambanso kuphunzitsa gulu lina la zaka 2, lochedwa nursing associate, kuti litseke mpata umene unatsala pakati. Anacotsa sitepe pa makwerero, napeza kuti nyumba siikwereka popanda ilo.

Palinso cina cimene tonse tikucidziwa: pepala lokwera ndilo litsegula khomo la kunja. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000 anamwino athu ambiri anapita ku Britain ndi ku maiko ena, ndipo amene anali kufunidwa kumeneko anali ma registered. Sindiweruza munthu wofuna kudyetsa ana ake. Koma banja likambirane cinthu ici sukulu isanayambe, osati pamene tikiti ya ndeke yafika kale, pakuti maukwati ena anasweka pa mfundo imeneyi.

Kwa mai kapena bambo amene mtima watsimikiza, njira ziripo zambiri kuposa kale. Pali maphunziro ofupikitsidwa a ma enrolled ofuna kukhala registered, ndipo ena aphunzitsidwa munthu ali pa nchito, pogwiritsa nchito intaneti ndi kupita ku sukulu masabata owerengeka cabe. Anzathu a ku Kenya anayamba njira imeneyi mu 2005 mothandizidwa ndi bungwe la Amref, pofuna kukweza ma enrolled pafupifupi 22,000 popanda kukhuthula zipatala. Wogwira nchito m'boma kapena ku mishoni apemphe chuthi ca maphunziro mwa kalata, alandire yankho mwa kalata, ndipo awerenge bwino zaka zimene adzayenera kugwira atabwerako. Asangonyamuka pa mau a pakamwa a mkulu wa cipatala, pakuti akulu amasamutsidwa.

Ndipo popeza masukulu a unamwino amera ngati bowa m'zaka zino, ena abwino ndi ena a ndalama cabe, safunsa anadya phula. Musakopeke ndi cikwangwani cacikulu pa mseu kapena ndi zithunzi za pa Facebook. Funsani ku Nursing and Midwifery Council of Zambia ngati sukuluyo ndi yobvomerezeka, ndiponso ngati maphunziro enieniwo amene mufuna ndi obvomerezeka pa sukulupo, cifukwa sukulu ingaloledwe kuphunzitsa cimodzi koma osati cinzake. Funsaninso cipatala cimene ophunzira ake acitirako nchito ya m'wodi, ndipo mupiteko mukaone ngati muli odwala ndi aphunzitsi. Kalata ya Council muione ndi maso anu musanalipire ngwee imodzi.